Kachingwe M'kamwa mwa Bakayawo

Panali patatha masiku atatu Bakayawo asanalawe kanthu. Mércia anamupeza m'mawa pansi pa thandala loyanikapo usipa, atadzipinda, dovu likutsika pachibwano mpaka kunyowetsa ubweya wa pachifuwa. Anamuikira mutu wa chambo pafupi ndi mphuno. Mphakayo ananunkhiza, nameza malovu movutikira, kenaka n'kutembenuzira nkhope kumbali.

"Idya, iwe," anatero Mércia. "Si iwe kodi umalimbana ndi akhwangwala chifukwa cha mutu womwewu?"

Ku Chiwanga anthu ambiri ankamudziwa Bakayawo. Mércia anamutola ali kamwana, atagona m'thumba la nsomba zouma, ndipo fungo limene anatuluka nalo m'thumbamo ndi limene linamupatsa dzina. Chibwerere iye pakhomopo, makoswe analeka kuboola matumba a usipa umene amayi ake a Mércia, a Joaquina, ankagulitsa. Kwa a Joaquina mphakayo anali mlonda. Kwa Mércia, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi amene azikulu ake onse anali atakwatiwa n'kuchoka pakhomo, anali mnzake wocheza naye.

Atate ake, a Aristides, anali pakhonde akusoka ukonde. "Mphaka amadzichiritsa yekha," anatero osadzutsa mutu. "Adya udzu, asanza, mawa um'peza akuba nsomba."

Mércia anamukulunga Bakayawo m'kapulana, chitenje chake chija, kuti asamukande, namutsegula kukamwa ndi zala ziwiri. Apo m'pamene anaona kachingwe ka nayiloni, kowonda ngati tsitsi, katakulunga kunsi kwa lilime. Nsonga imodzi inatulukira pang'ono pambali pa mlomo, inayo inalowera kummero.

"Atate, tabwerani!"

A Aristides anawerama nayang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo inasintha. "Wameza nyambo ndi mbedza yomwe," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye ichotseni. Inu mumachotsa mbedza tsiku ndi tsiku."

"Ndimachotsa pa nsomba, mwanawe. Ndipo nsomba ndikaichotsa mbedza, sindiyembekezera kuti isambiranso."

A Joaquina ndi amene anakumbukira kuti ku Metangula, ku ofesi ya zaulimi, kuli mayi wina amene chaka chatha anabwera kudzapereka katemera wa chitopa kwa nkhuku. "Dzina lawo ndi a Dona Zuleika. Kaya za amphaka amazidziwa, kaya ayi, koma pita ukayese. Kushikola umalowa masana, nthawi ilipo."

Linali Lachisanu. Mércia anayala nsanza m'dengu, nagonekamo Bakayawo, naphimba ndi kapulana, n'kusenza. Ulendo wa ku Metangula anauzolowera, koma tsikulo msewu unatalika. Njinga zinkamudutsa zikuliza mabelu, fumbi likumulowa m'maso, ndipo akangopunthwa pa mwala, m'dengumo munkatuluka kamawu kosasa kamene kankamulasa mumtima.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi chokhala ndi tebulo, kafiliji kosungira katemera, ndi zithunzi za mbuzi ndi nkhuku zomata pakhoma. A Dona Zuleika anali mayi wamfupi, wovala mpango kumutu ndi jombo za labala kumapazi. Sanamuseke Mércia poona kuti wodwalayo ndi mphaka. Anasamba m'manja, nayatsa tochi ya pafoni, naunika kukamwa kwa Bakayawo. Kenaka anapapasa mimba yake pang'onopang'ono. Atafika pena pake, mphakayo anabuula, iwo n'kuchotsa dzanja msanga.

"Mércia, ndikuuze zoona," anatero atakhala pansi. "Ine si dotolo, ndine tekinika, mlangizi chabe wa za ziweto. Ndinaphunzira za ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Mbedza ili mkati, kaya kummero kaya m'mimba, sindingaione. Kuti ichoke pafunika makina ounikira m'thupi, mankhwala ogonetsa, ndi munthu wodziwa kung'amba n'kusoka. Zonsezi pano ndilibe."

"Ndiye mungomubaya jekeseni, amayi."

"Jekeseni sisungunula chitsulo, mwana wanga."

Anatenga foni naimba, nalankhula Chipwitikizi nthawi ndithu, akugwedeza mutu. Atadula anati, "Amenewa ndi a dotolo Muhidini a ku Lichinga. Amphaka ndi agalu amawadziwa, ndipo akuti akhoza kuyesa. Koma lero ali kutali kumidzi, abwerera Lamulungu. Lolemba m'mamawa galimoto yathu ikwera ku Lichinga. Ubwere naye, ndidzamutenga ine ndemwe."

"Lolemba?" Mércia anawerenga masikuwo mumtima. "Afika Lolemba ali moyo?"

"Sindikudziwa. Wafooka kale. Koma njira ina yabwino sindikuiona." Anamupatsa sirinji yopanda singano. "Uzimudonthezera madzi a shuga pang'ono pambali pa mlomo, kadontho kadontho. Ndipo tamvera ichi: kachingweka asakoke munthu. Ngakhale akhale ndani, asakoke."

Mércia anathokoza ndi pakamwa pokha. Potuluka, mkwiyo unali utamudzaza m'chifuwa. Anayenda ulendo wonsewo kuti adzamve "sindikudziwa", "ndilibe", "sindingaione"? Munthu wotani wosamalira ziweto amene amabweza chiweto chodwala ndi madzi a shuga?

Njira yake inkadutsa mumsika. Pafupi ndi ogulitsa matumba panali tebulo lodzaza mabotolo, ufa wophera utitiri ndi mapilitsi amitundumitundu. Kumbuyo kwake kunaima bambo wamtali wovala mkanjo woyera ngati wa kuchipatala. Pa chikwangwani chake panalembedwa kuti Dotolo Octávio.

"Menina! Mtsikana iwe!" anaitana. "M'dengumo muli wodwala, ndamva kulira kwake. Bwera naye kuno."

Mércia anaima. Anali asanadziwe chimene akuchita, koma anapezeka akufotokoza zonse, misozi ikutsika. A Octávio anamvetsera atapendeketsa mutu, kenaka anaseka mokoma.

"Aja a muofesi amadziwa kulemba mapepala basi. Lolemba? Lolemba ameneyu adzakhala atanunkha. Ine ndachiritsa amphaka kutsidya la nyanja ndi kuno komwe, palibe anandifera m'manja. Ka ntchito aka n'kakang'ono."

Mawu akuti "atanunkha" anakhudza penipeni pa mantha a Mércia. Komanso aka kanali koyamba m'masiku atatu kuti munthu alankhule ngati wodziwa chochita.

"Koma anati kachingweka asakoke munthu," anatero mokayika.

"Ndani wanena zokoka? Ndingomasula. Gwira miyendoyo."

Mércia anagwira. A Octávio anapisa zala kukamwa kwa Bakayawo, nakulunga nsonga ya kachingweko ku chala chawo, nakoka mwamphamvu. Mphakayo analira kulira kumene Mércia anali asanakumvepo, thupi lonse litauma gwa m'manja mwake. Kachingweko kanaduka. Kanatuluka kotalika ngati chikhatho, kali ndi magazi, kopanda mbedza.

"Waona?" anatero a Octávio akukagwedeza m'mwamba kuti anthu aone. "Matenda atuluka."

"Nanga mbedza?"

"Ituluka yokha akakadzithandiza. Tsopano mphamvu." Anatenga botolo lakuda lokhala ndi chithunzi cha ng'ombe, nadzaza jekeseni, nabaya pantchafu. "Mawa lino agwira khoswe, udzabwera kudzandithokoza."

Mércia anawapatsa ndalama imene amayi ake anamumangira pa kapulana. Kushikola sanapite. Atafika kunyumba anauza makolo ake kuti dotolo wachotsa kachingwe, koma sanatchule kuti dotolo wake uti.

Loweruka m'mawa Bakayawo anasanza zakuda. Mimba yake inatupa n'kulimba ngati ng'oma, ndipo mwendo umene anabayidwa unkangokhwekhwereka. Mércia anamusiya pamthunzi nathamangira ku Metangula yekha. Anawapeza a Octávio akuyezera munthu wina ufa wa utitiri.

"Bambo, mphaka uja wafika poipa. Akusanza zakuda."

"Mphaka uti?" Anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. "Oho, uja. Kunyumba unamupatsa chiyani?"

"Madzi a shuga okha."

"Madzi a shuga!" Anakweza mawu mpaka amayi ogulitsa tomato anatembenuka. "Ine ndinakuuza za madzi a shuga? Wasakaniza mankhwala anga ndi nzeru za eni, ndiye ukubwera kudzandida ine? Wamupweteka wekha, mtsikana iwe. Choka, ukundithamangitsira makasitomala."

Mércia anachoka nkhope ikumutentha. Anapita ku ofesi ya zaulimi, koma pakhomo panali loko wamkulu, pakuti linali Loweruka. Nambala ya foni ya a Dona Zuleika sanaitenge, chifukwa dzulo lake anatuluka atakwiya. Anafunsa mnyumba zoyandikana, palibe ankadziwa kumene amakhala. Anafika mpaka pamene pamaima mashapa, maminibasi opita ku Lichinga, naima n'kumayang'ana anthu akukweza matumba. Ku Lichinga anali asanapiteko chibadwire. Ndipo ngakhale akanakwera, akanakagogoda pakhomo pa yani, poti dotoloyo kunalibe? Boma lonse la Lago, ndi nyanja yake yonse, panalibe khomo limodzi limene akanalowa ndi mphaka wodwala tsiku limenelo. Anabwerera ku Chiwanga miyendo ikulemera.

Lamulungu kutchalitchi anangotsegula buku la nyimbo, mawu osatuluka. Mapemphero asanathe anazemba n'kubwerera kunyumba. Anakhala pamphasa tsiku lonse akudontheza madzi ndi sirinji ija, koma madziwo ankangotulukira mbali ina ya mlomo. Bakayawo ankamuyang'ana ndi maso olowa mkati, akupuma mofulumira. A Joaquina anabwera kangapo kudzasuzumira, nabwerera ku ntchito zawo.

Lolemba kunacha Mércia ali maso, koma ku Metangula sanapite. Akanakawayang'ana bwanji a Dona Zuleika? Akanati kachingwe kapita kuti?

Dzuwa litakwera pang'ono, kunamveka njinga yamoto ikubwera mumchenga, ikuima n'kumafunsa njira. Inadzaima pafupi ndi thandala la usipa. A Dona Zuleika anatsika, kumbuyo kwa njingayo atamangirira katoni yoboola mabowo.

"Odi kuno! Mércia, ndakudikira mpaka dalaivala wayamba kudandaula. Ndati mwina wasowa chokwera. Wodwala ali kuti?"

Mércia analoza pamphasa. A Dona Zuleika anagwada, nayatsa tochi, natsegula kukamwa kwa mphakayo. Anaunika kunsi kwa lilime. Anakhudza mimba, nayang'ana mwendo wotupawo. Kenaka anadzutsa mutu.

"Kachingwe kali kuti?"

A Aristides ndi a Joaquina anali ataima chapafupi. "Si munakachotsa inu Lachisanu?" anafunsa a Joaquina modabwa.

Apo Mércia anaphulika kulira. Anafotokoza zonse: za bambo wa mkanjo woyera, za chala chimene chinakulunga kachingwe, za botolo la chithunzi cha ng'ombe, ndi za mawu amene anamuuza Loweruka. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina kukanamupepukira akanakalipiridwa. Koma a Dona Zuleika anangotsinzina kanthawi, napuma mozama, natulutsa foni.

Anawaimbira a dotolo Muhidini pa kanema. Anawaonetsa nkhama za Bakayawo zimene zinali zitayera ngati pepala, mimba yake, ndi mmene ankapumira. Dotoloyo anafunsa mafunso angapo, kenaka analankhula motsitsa. Mércia Chipwitikizi ankachimva, ndipo anamva zokwanira, komabe anadikira kuti auzidwe m'chinenero chake.

A Dona Zuleika anakhala pamphasa pambali pake. "Akuti mbedza yang'amba mkati, ndipo m'mimba mwaipa kale. Msewu wa ku Lichinga ndi zitunda zake sangaupirire, afera panjira ali m'katoni. Chimene tingathe n'kumuchepetsera ululu kuti apite mofatsa, ali pakhomo pake."

"Palibe china? Chilichonse?"

"Chikanakhalapo ndikanakuuza."

Dotoloyo anawauza mankhwala oyenera mwa amene anali nawo m'chikwama, ndi mlingo wake. A Dona Zuleika anayeza kadontho kakang'ono, nakaonetsa pafoni kuti dotoloyo avomereze, nabaya mosamala. Kenaka anaimbira dalaivala kuti azipita, iwo atsala.

"Musaphonye ulendo wanu chifukwa cha mphaka, amayi," anatero a Aristides mwamanyazi.

"Ulendowo ndimapitira yemweyu, bambo. Zina zonse zidikira."

Patapita kanthawi, Bakayawo analeka kubuula. Thupi lake linafewa, ndipo anatsamiritsa mutu pa mwendo wa Mércia. Mtsikanayo ankamusisita kuseri kwa makutu. Panali funso limene linkamuluma kuyambira Loweruka, ndipo anadziwa kuti pali munthu mmodzi yekha amene angamuyankhe osamunyengerera.

"Amayi, ndikanadikira mpaka lero, akanachira?"

A Joaquina anatsegula pakamwa kuti amutonthoze, koma a Dona Zuleika anayankha iwo asanalankhule.

"Sindikudziwa, Mércia. Mwina akanachira. Mwinanso mbedza ikanamupha ndithu asanafike Lolemba, kapena akanafera patebulo pa a dotolo. Kukoka kuja kunaonjeza bala, zimenezo sindikubisira. Koma amene anakoka si iwe. Iwe unasenza mnzako pamutu kuchoka kuno mpaka ku Metangula kukafuna thandizo. Ndipo inenso ndili ndi langa: ndinaona kuti watuluka uli ndi mantha, koma sindinakupatse nambala yanga. Pamenepo ndinalakwa."

Mawuwo anawawa. Koma Mércia anaona kuti akutha kuwanyamula, kusiyana ndi mawu okoma aja a mumsika amene anamulemera masiku atatu.

Bakayawo anatsirizika dzuwa lisanafike paliwombo. A Aristides anatenga khasu nakakumba kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa munda wa chinangwa. Anakumba mozama kuposa mmene mphaka amafunira, ngati kuti manja awo akusowa china chochita. A Dona Zuleika anakhala mpaka dothi litakwiriridwa. Pochoka anafunsa Mércia za maonekedwe a botolo lija, nalemba m'kabuku kawo, kenaka anang'amba kapepala nalembapo nambala yawo.

"Za bambo uja ndikazinena kwa akuluakulu anga," anatero akuliza njinga. "Sindikulonjeza kuti achoka mawa. Zoterezi zimachedwa."

Ndipo zinachedwadi. Sabata yotsatira, Mércia akupita kushikola, anapeza tebulo lija lili pomwepo, mkanjo woyera ukuwala padzuwa. Anafuna kudzera njira ina, koma anaona mayi wina wachilendo ataima patebulopo, atanyamula kagalu kofooka m'manja. Mapazi a mayiyo anali otuwa ndi fumbi la ulendo wautali. A Octávio anali atagwira kale botolo lakuda.

"Ka ntchito aka n'kakang'ono, amayi," ankatero. "Mawa lino akhala akuuwa."

Mércia anafuna kuthawa. Anali mwana, ndipo bamboyo anali atamuchititsa kale manyazi pamaso pa msika wonse. Anapitirira mapazi atatu, naima, nabwerera. Anagwira mayiyo pamkono.

"Pepani amayi, mwachokera kutali?"

"Ku Meluluca, mwana wanga. Kagaluka kakungotsegula m'mimba."

"Tiyeni ndikuperekezeni ku ofesi ya zaulimi. Si patali. Kuli a Dona Zuleika."

"Iwe!" anakalipa a Octávio. "Mtsikana wopha mphaka wake uja ndiwe? Amayi, musamumvere ameneyu."

Anthu anatembenuka monga tsiku lija. Mércia anamva nkhope ikutentha, koma dzanja lake silinachoke pamkono pa mayiyo.

"Eya, mphaka wanga anafa," anatero Mércia momveka bwino. "Ndinamugwira miyendo ine, patebulo pomwepa."

Mayiyo anayang'ana mtsikanayo, nayang'ana botolo, nakokera kagalu kake pachifuwa. Anayamba kuyenda limodzi, kusiya phokoso kumbuyo. Atatuluka mumsika, mayiyo anafunsa, "Nanga a Zuleika akowo, amachiritsa?"

Mércia anaganiza kaye asanayankhe.

"Akatha, amachiritsa," anatero. "Akalephera, amanena."

Anakhota pa njira yopita ku ofesi ija. Chitseko chinali chotsegula.